Tsaya la a Wezulo

Pa nkhope yonse ya bambo ake, Kabakha ankadziwa bwino tsaya lamanzere. Ankadziwa kachipsera ka pansi pa khutu, ankadziwa pamene imvi zinayambira, ankadziwanso kamtsempha kamene kankadumpha mwana wina akayamba kuthamanga pa simenti yonyowa. Koma mukanamufunsa kuti maso a bambo akewo amaoneka bwanji akamayang'ana munthu, akanayamba wakanda kaye m'mutu.

Sikuti anali bambo ouma mtima, ayi ndithu. Inali ntchito. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi bambowa ankakhala pampando wautali wamakwerero m'mbali mwa dziwe losambira la mumzinda, wezulo ali m'khosi, kulondera kuti pasamire munthu. Ana onse ankawatcha a Wezulo, ndipo dzinalo linakakamira mpaka lenileni linachita dzimbiri. Ukafuna kulankhula nawo unkaima m'munsi mwa mpandowo, chakumanzere, chifukwa kumanja kunkatsamira ngowe yawo yaitali yokolera anthu m'madzi. Ankakuyankha bwinobwino, nthabwala zomwe, koma khosi osatembenuza. Milomo yawo inkangogwedera pang'onopang'ono, kuwerenga mitu ya osambira. Akafika kumapeto ankayambiranso.

Chizolowezicho ankapita nacho ndi kunyumba komwe. Patebulo ankawerenga anthu, m'basi ankawerenga anthu, ndipo wina akasiya beseni la madzi pakhonde, iwo ankasuntha mpando kuti aliyang'ane bwino.

"Ine ndinakwatiwa ndi khutu," amayi a Kabakha ankauza alendo uku akupalasa makina awo osokera. "Maso anakwatira dziwe. Ndine mkazi wamng'ono ine, wamkulu ndi uja wonunkha mankhwala."

Alendo ankaseka mpaka kupukuta misozi, a Wezulo nawo ankaseka, maso ali pabeseni.

Amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma Kabakha anakulira limodzi lomwelo, akuyenda chodzandira m'mbali mwake mpaka kupatsidwa dzina la bakha. Atakula sanatenge wezulo, anatenga pensulo. Ankajambula zithunzi za m'mabuku a ana, nkhani zolemba anthu ena. Chaka chimenechi n'chimene analemba lakelake koyamba, mawu ndi zithunzi zomwe, ndipo anali ndi cholinga chimodzi chokha. A Wezulo ankapuma pantchito Loweruka lomaliza la mwezi wotsatira. Padziwe pankakonzedwa kaphwando, ana a sukulu amene amaphunzira kusambira adzabwera onse, ndipo Kabakha ankafuna kuti tsiku limenelo bambo ake adzatsegule buku la mwana wawo n'kuwawerengera anawo. Mumtima ankadziwa kuti chimene akufuna kwenikweni n'chakuti bambowo aone chinthu chimene iye wapanga, achione ndi maso onse awiri.

Nkhani ya m'bukumo inali yake yomwe. Ali ndi zaka zinayi anagwera kozama. Zambiri za tsikulo anaziiwala, koma ankakumbukira mfuu yaikulu yakuti "Mayo ine!" imene inamveka padziwe ponse, kenako dzuwa kumaso ndi manja a bambo ake. Choncho patsamba la khumi ndi chiwiri anajambula kamtsikana kali kukamwa yasa, manja m'mwamba, madzi akuthovoka mbali zonse, mawu akuti MAYO INE ali m'zilembo zofiira. Patsamba lotsatira anajambula a Wezulo ali m'malere, akudumphira m'madzi, wezulo akuuluka kumbuyo. A Mkonzi a kukampani yosindikiza mabuku analikonda tsamba limenelo mpaka analipachika pakhoma la ofesi yawo. Anamuuza kuti masamba onse akhale atafika Lachisanu la sabata yamawa, apo ayi bukulo silidzatuluka pa nthawi yake.

Lolemba linali tsiku lotsuka dziwe, a Wezulo ankaweruka masana. Kabakha anafika ndi masamba ake m'chikwama, n'kuwayala patebulo atapukutapo kawiri. Bambowo anavala magalasi n'kuyamba kutsegula limodzilimodzi. Anaseka ataona mpando wawo, anaseka ataona kamnyamata koba zokhwasula za mnzake, ndipo atasuzumira patsogolo n'kudziona akuuluka anachita kugwira m'mimba.

"Mayi a mwana, tabwerani mudzaone! Mapewa awa wawabwereka kwa ndani, iwe?"

"Ndi anu omwe, Adadi. Ndangowonjezako pang'ono."

"Pang'ono? Ndikanakhala ndi mapewa otere bwenzi amayi akowa akundisokera malaya ndi nsalu ya makatani."

Kenako anabwerera patsamba la khumi ndi chiwiri, limene analidumpha pothamangira mapewa. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kabakha anaona kamtsempha kaja kakudumpha pansi pa khutu. Bambowo anasonkhanitsa masamba onse, n'kuwalinganiza bwinobwino m'mbali mwake.

"Ndi lokongola, mwana wanga. Dzanja uli nalo."

"Ndiye mudzawawerengera ana Loweruka lija?"

"Lokongola kwambiri. Koma ine sindingaliwerenge kwa ana."

Makina osokera anaima. Amayi aja, amene sankalola nkhani kudutsa osaithira mchere, ulendo uno anangoweramira nsalu yawo. Kabakha anamva kutentha m'maso. Miyezi isanu ndi iwiri akujambula, zala zitachita kutupa, ndiye malipiro ake akhale amenewa? Anapsa mtima, ndipo sanabise.

"Chalakwika n'chiyani? Nenani, Adadi, ndine wamkulu ine."

"Mawa ubwere kuntchito kwanga," anatero a Wezulo akuvula magalasi. "Usaiwale chipewa, kumtunda kuja dzuwa sililemekeza munthu."

Anapita, koma anapita atatupa masaya. Anapeza ana a sukulu makumi anayi ali kale m'madzi, phokoso lake logonthetsa m'khutu. Tsidya lina la dziwe kunaima mtsikana amene ankadzalowa m'malo mwa a Wezulo, wamtali, wodziwa kusambira ngati anabadwira momwemo. Ameneyu ndiye anali ndi mapewa enieni, ndipo aliyense ankangomutcha Mapewa. A Wezulo anatsika pampando n'kuloza makwerero.

"Kwera."

Kabakha anadabwa, chifukwa chibadwire sanaloledwepo kukhudza ngakhale khwerero loyamba. Komabe anakwera. Bambo ake anaima m'munsi, ngowe ili m'manja, maso ali pamadzi monga mwa masiku onse.

"Tandiuza, ndani ali pamavuto?"

Kabakha analoza kamnyamata kamene kankakuwa kakutukula manja m'mwamba. "Uyo!"

"Ameneyo akufuna mnzake amubwezere mpira."

"Nanga uyo akumenya madziyo?"

"Ameneyo anayamba kukuwa tsiku lobadwa, sanapumebe. Amayi ake amabwera naye kuno kuti kunyumba kukhaleko bata."

Kabakha anaseka asakufuna. Bambo ake sanaseke.

"Tamvera, Kabakha. Munthu wokuwa ali ndi mpweya. Nanga amene mpweya wamuthera, akuwa ndi chiyani? Womira sakuwa. Satukula manja, chifukwa manja ali pantchito yokankha madzi pansi. Amaima chilili m'madzi ngati akukwera makwerero oti palibe, mutu atapendeketsa chagada, pakamwa pali m'malire a madzi. Tsitsi likamugwera kumaso salichotsa. Anzake amakhala pomwepo, kumuwaza madzi, kumayesa akusewera. Ine zaka zonsezi sindimvetsera phokoso ayi, ndimafunafuna amene wangoti zii."

Kenako anamuuza kuti atsinzine. Padziwepo anali ndi kachitidwe kawo koyesana maso Lachiwiri lililonse: mmodzi wa olondera dziwe ankalowa m'madzi mozemba pakati pa ana n'kumachita ngati akumira, wina amupeze, mnzawo akuwerenga mokweza.

"Tsegula. Mapewa ali m'madzimo. Mupeze. Wani, thuu, fili..."

Kabakha anamwaza maso uku ndi uku. Ntchito yake inali ya maso, ankadzitama kuti amaona zimene ena saona, koma maso akewo ankangothamangira kwa okuwa, kwa odumpha, kwa kamtsikana ka chipewa chofiira kamene kankaimba. Bambo ake anafika pa makumi awiri, n'kupitirira, mawu awo osakwera osatsika. Thukuta linayamba kuyenderera m'chipewa. Atafika pa makumi anayi ndi zisanu anasiya kuwerenga.

"Wapita ameneyo. Tikauze abale ake."

Pomwepo Mapewa anatukula dzanja akuseka. Anali pansi penipeni pa mpando, pafupi moti Kabakha akanatha kumuponyera chipewa. Nthawi yonseyi nkhope yake inali pamwamba pa madzi, duu, ikuyang'ana kumwamba.

"Musadandaule achemwali," anakuwa Mapewa. "Ine tsiku loyamba ndinawamiza abwanawa katatu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero a Wezulo. "Tsono taganiza. Mwana wawerenga buku lako lokongola lija, waphunzira kuti womira amakuwa m'zilembo zofiira. Mawa mng'ono wake wangoti zii pambali pake. Achita chiyani? Adikira mfuu."

Kabakha anatsika pang'onopang'ono. Anali atamva, koma mtima unkakanabe, poti munthu salola msanga kuti chimene wakhala akukumbukira moyo wake wonse n'chabodza.

"Komatu ine ndinakuwa, Adadi. Ndimakumbukira bwinobwino. Mayo ine! Mpaka makutu anachita kulira."

Tsaya lija linagwedera ngati likufuna kuseka, kapena kulira, sanathe kusiyanitsa.

"Sunakuwe iwe. Anakuwa ndine. Zotsalazo ukafunse amayi ako, ine ndili pantchito." Ndipo anaimba wezulo mwamphamvu kwa mwana amene sanalakwe kwenikweni.

Amayi ake anawapeza akudula nsalu, mapini ali pakamwa. Atamva funsolo analavulira mapiniwo m'dzanja, n'kukhala pansi.

"Wakuuza eti? Zaka makumi awiri ndi zisanu tikubisa, lero waulula yekha." Anapumira m'mwamba, kenako anayamba kumwetulira. "Vuto linali diresi, mwana wanga. Ndinasoka diresi lachikasu, lokongola loti nanenso ndinkadziopa. Ndinali nditatopa kulankhula ndi khutu. Ndiye ndinakugwira padzanja, ulendo wa kudziwe. Iwe ndinakukhazika pa thaulo ndi bisiketi, ine ndinazungulira mpando kukaima kumanja, kumene sikuima munthu. Ndinati, bambo inu, tandiyang'anani kamodzi kokha, dziwe lanuli silithawa."

"Anakuyang'anani?"

"Iii, anandiyang'ana! Mpaka ndinasowa poika manja. Bambo ako ali ndi maso, iwe, usawaone chonchija. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji, mwina kungokwana kumwa kapu ya madzi. Atabwezera maso padziwe, mitu inali yokwana, koma pathaulo panali bisiketi yokha. Unali m'mbali mwenimweni mwa khoma, chilili, katsitsi kakuyandama. Sunatulutse liwu ngakhale limodzi. Ndiye bambo wamkulu ndi ndevu zake anakuwa kuti Mayo ine, mpaka alonda a kugeti anathamanga."

"Kenako anadumphira?"

Amayiwo anaseka mpaka kutsokomola. "Kudumphira ndani? Anakukola ndi ngowe pa zingwe za kamalaya kako, n'kukutukula ngati chochapa chagwera m'ngalande. Unasanza madzi onse pa diresi langa lachikasu, ukatero n'kufunsa kuti bisiketi yako ili kuti."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwa amayiwo kunathera m'misozi, ndipo sanaipukute.

"Kuyambira tsiku limenelo sindinawapemphenso kuti andiyang'ane, iwonso sanachotsenso maso pamadzi. Za khutu zija ndimanena kuti pakhale poseka. Kunena zoona zinatipweteka tonse awiri, ndipo aliyense ankadziimba yekha mlandu."

"Diresilo linapita kuti?"

"Lili m'sutikesi. Ukuganiza kuti nsalu yabwino ngati imene ija ndingataye?"

Kabakha anatsala ndi masiku khumi osakwana. Anang'amba tsamba la zilembo zofiira, anachotsa ngwazi youluka, n'kuyambiranso. M'mawa uliwonse ankapita kudziwe ndi kabuku kake, kukhala m'munsi mwa mpando kumanzere, kujambula ana mmene alili: wotsina mphuno, wokoka kabudula wa mnzake, woopa madzi amene amangoviika chala. Bambo ake sanamufunse chimene akuchita, iyenso sanawauze. Tsiku lina anangomva chipewa chawo chachikulu chikutera pamutu pake, poti chipewa chake anali atachiiwala.

Lachisanu anafika ku ofesi ya a Mkonzi zala zili mbuu ndi penti. A Mkonziwo anali mayi achangu, oyenda ndi magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. Anatsegula masamba atsopanowo nkhope ikugwa pang'onopang'ono.

"Ngwazi yanga youluka ili kuti? Mwandichotsera munthu wa mapewa n'kundibweretsera mdala wa miyendo yoonda ali ndi ndodo? Chemwali, ana amafuna zochitika. Buku loti munthu wangokhala pampando aligula ndani?"

Kabakha sanatsutse. Anatambasula tsamba lalikulu la pakati, lodzaza tebulo lonse. Panali dziwe ndi ana makumi anayi, aliyense ndi zake, ndipo pamwamba panalembedwa funso limodzi lokha: Ndani wangoti zii?

"Mwana mmodzi apa akumira, mayi. Mupezeni. Wani, thuu, fili..."

"Aa, zachibwana izi. Si uyu watukula manjayu?"

"Ameneyo akufuna mpira. Seveni, eyiti..."

A Mkonzi anatsitsa magalasi a pamutu n'kuwavala pamwamba pa enawo. Chala chawo chinayendayenda papepala. Atamupeza, kamtsikana ka tsitsi kumaso pafupi ndi khoma, Kabakha anali pa makumi atatu ndi zitatu. Mayiwo anaika dzanja pachifuwa.

"Ndili ndi zidzukulu ziwiri ine," anatero motsitsa. Kenako anatsegula chitseko n'kukuwa: "Aliyense abwere kuno! Adalaivala, inunso bwerani!"

Posakhalitsa ofesi yonse inali itaweramira patebulo, kukankhana zigongono, kukangana, wina akuti wamupeza pomwe waloza woimba nyimbo. A Mkonzi ndi amene tsopano ankawerenga mokweza, monyadira ngati anayambitsa ndi iwo. Masana omwewo masamba anapita kosindikiza. Ngwazi youluka inatsala pakhoma, poti mayiwo anati imawasangalatsa akatopa.

Loweruka lomaliza linafika ndi dzuwa labwino. Pa udzu wa m'mbali mwa dziwe anayala mathaulo, anamangirira mabaluni kumpanda, ndipo makatoni awiri a mabuku onunkhira inki anali pansi pa tebulo. Kabakha sanadye m'mawa umenewo. Bambo ake anali asanalione bukulo, ndipo anali asanalonjeze kanthu. Anangoti, "Tikaona konko."

Nthawi itakwana khumi ndi ziwiri masana, a Wezulo anaimba wezulo kotsiriza, ana a sukulu onse n'kutuluka m'madzi, kutsala akuluakulu ochepa osambira kozama. Anatsika makwerero, anavula wezulo m'khosi n'kumupatsa Mapewa ndi manja awiri.

"Zikomo abwana," anatero Mapewa, "koma ndimupachika pakhoma ameneyu. Ali ndi malovu a zaka makumi atatu."

Anthu anaseka, Mapewa n'kukwera pampando. Apa m'pamene panaoneka vuto limene palibe analiganizira. Mpando wowerengera anauika moyang'ana ana, ndipo ana anakhala moyang'ana dziwe. A Wezulo anaima pambali pake ngati awauza kuti akhale pamoto. Anaugwira kuti autembenuze.

"Abwana," anaitana Mapewa kuchokera kumtunda, maso ali pamadzi, khosi osatembenuza. "Madziwa ndi anga tsopano. Mitu isanu ndi umodzi, yonse ndaiona."

A Wezulo anayang'ana tsaya la mtsikanayo kanthawi. Kenako anakhala pansi, msana kudziwe, koyamba m'zaka makumi awiri ndi zisanu. Kabakha anawapatsa buku. Anavala magalasi, anawerenga pachikuto, anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, mwakachetechete, ana akudikira. Atafika patsamba lalikulu la pakati anaima. Kamtsempha kaja sikanadumphe. Anatsokomola, anatembenuzira bukulo kwa ana, n'kukweza mawu amene ankamveka tsidya lina la dziwe.

"Tamverani, anyamata ndi atsikana! Buku ili walemba ndi mwana wanga. Likufunsa kuti, ndani wangoti zii? Wani, thuu..."

Ana anaunjikana ngati nyerere pa shuga. Asanafike pa sikisi, kamtsikana kopanda mano akutsogolo kanabaya pepala ndi chala chonyowa.

"Uyu! Wa tsitsi kumasoyu! Sakuseka!"

"Faifi!" anakuwa a Wezulo akumenya bondo. "Faifi yokha! Wojambula mwini wake anafika fote faifi, munthu n'kumira!"

Anapitiriza kuwerenga, ana akubwereza pambuyo pawo zimene bukulo linkanena: ukamuona, kuwa ndiwe, itana wamkulu, muponyere chubu kapena mupatse ndodo, usadumphire. Kenako anatsegula tsamba lotsatira n'kupeza mdala wa miyendo yoonda, ngowe ili m'manja, kukamwa kuli yasa, zilembo zofiira zija zikutuluka pakamwa pake, ndipo pambali pataima mayi wa diresi lachikasu.

"Iwe Kabakha, wandiyalutsa pagulu!" anatero akuseka mpaka magalasi kutsetsereka. Koma ana anali atawerenga kale, ndipo makumi anayi onsewo anakuwa pamodzi kuti "Mayo ine!" mpaka osambira kozama anatukula mitu. Anawakakamiza a Wezulo kuti akuwe okha mmene anakuwira tsiku lija, iwo n'kukuwadi, kawiri.

Bukulo litatha, kamtsikana kopanda mano kaja kanatukula dzanja. Kanali katatenga buku lakelake n'kumalitsegula uku ndi uku.

"Anti, bwanji a Wezulo mwawajambula mbali imodzi yokhayokha? Paliponse ali ndi diso limodzi. Linalo lili kuti?"

Anthu akuluakulu anaseka. Kabakha anafuna kuyankha mwanthabwala, koma mawu anatuluka ena.

"Mbali inayo sindinaionepo bwino, mwana iwe. Munthu umajambula chimene ukuchidziwa."

Kuseka kunazilala. A Wezulo anatseka buku n'kuliika pamiyendo. Anavula magalasi, anawapinda, anawaika m'thumba la malaya. Kenako anatembenuka thupi lonse, mpando ukulira pa udzu, n'kumuyang'ana mwana wawo.

"Pensulo uli nayo?"

"Ndili nayo, Adadi."

"Ndiye jambula. Sindikuthamangira kulikonse."

Kabakha anakhala pathaulo n'kutsegula kabuku kake. Amayi ake sananame, bambowa anali ndi maso. Anali ofiirira, ozungulidwa ndi kamzere kotuwa ka dzuwa la zaka zambiri, ndipo anali onyowa. Ankamuyang'ana iye yekha, osaphethira, ngati mmene ankayang'anira madzi. Anasangalala mpaka pensulo inkaterereka m'zala, ndipo mzere woyamba unapita kokhota.

"Akamaliza ameneyo mundiuze, pali mzere pano," anatero mawu ena kumbuyo kwake.

Anali amayi ake. Anali atazemba pa nthawi ya phokoso ija kukasintha m'chipinda chovulira, ndipo tsopano anaima pa udzu atavala diresi lachikasu. Analikulitsa m'mbali ndi nsalu ina yosafanana kwenikweni, koma analivala monyada, manja ali m'chiuno. Anabwera n'kudzagwada pambali pa mwana wawo.

A Wezulo anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana mwana wawo. Kumbuyo kwawo wina anadumphira m'madzi kuti chubwi, koma khosi silinagwedere. Kabakha anaona milomo yawo ikuyenda pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi, mmodzi, awiri, ndipo ulendo uno sanayambirenso.

"Mwakwana," anatero.